Chitenje, mbuzi kapena Baibulo: tiwapatse chiyani abusa akamasamuka?

Akulu a mipingo ya ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula akhala akundifunsa za mphatso yoyenera kupatsa abusa akamasamutsidwa, chifukwa amadziwa kuti ndinali m'komiti yosonkhetsa ndalama pamene tinkatsanzikana ndi athu kumapeto kwa 2023. Yankho langa ndi Baibulo, ndipo amene akufuna chitenje chosindikiza ayambe amva zimene tinakumana nazo.

Chitenje chokhala ndi nkhope ya abusa ndi vesi ndicho chimabwera msanga m'maganizo, makamaka amayi akafuna kuvala mofanana pa tsikulo. Mtengo umene osindikiza ena a ku Limbe anatiuza pafoni unali wa nsalu yokha. Titafika anatilipiritsa padera kukonza chithunzi pa kompyuta, nawonjezera ndalama pa mtundu uliwonse wa utoto, kenaka anatiuza kuti sasindikiza nsalu yochepa, motero tinaitanitsa yoposa imene tinkafuna. Tinapereka theka la ndalama mu Okutobala. Mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo iwo anati nsalu ndi utoto amaitanitsa kunja, choncho tiwonjezere ndalama kapena tiiwale zimene tinapereka kale. Panalibe pepala la mgwirizano loti tigwirepo. Ndalama yowonjezerayo inachokera kwa akhristu omwewo amene anali atangotaya mbewu ndi nyumba pa namondwe Freddy mu Malichi chaka chomwecho, ndipo paja ulendo uliwonse wokwera Thabwa kukafunsa ngati nsalu yatheka unkadyanso thumba la mpingo.

Nsaluyo itabwera inaoneka bwino tsiku limodzi lokha. Kuno kuchigwa kutentha kumapitirira madigiri 40 m'nyengo imeneyo, ndipo chitenje chikachapidwa kangapo ndi kuyanikidwa padzuwa lathuli, nkhope ya abusa imayezuka mpaka osazindikirika. Palinso china chimene komiti sinachiganizire: mayi akavala, nkhope ija ndi vesi zimagwera kumbuyo, ndipo amazikhalira pamkeka. Abusa eni ake amapita ndi chidutswa chimodzi, zina zonse zimatsala kwa ife, ndiye sindikuona kuti mphatsoyo ndi yawo bwanji.

Mbuzi kapena ng'ombe ndi ulemu waukulu m'dera la ziweto ngati lino, ndipo mayi busa amaiyamikira. Komabe kuitulutsa m'boma kumafuna chilolezo cha alangizi a ziweto, ndipo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka ku Chikwawa kapena Nsanje, boma limaletseratu kuyendetsa ziweto. Ngakhale ifike bwino, idzagulitsidwa pofuna fizi ya ana. Ndi thandizo labwino, koma pakatha zaka ziwiri sipatsala chokumbukira mpingo.

Wotchi yapakhoma yolembedwa vesi abusa ambiri ali nazo kale zingapo, ndipo chithunzi cha m'felemu chimamatirira kugalasi chinyezi cha dzinja chikalowa. Mtanda wosema wa phingo ndi wolimba ndipo chiswe sichiugwira, koma funsani kaye, pakuti mipingo ina siimasuka ndi zosemasema.

Otsutsa amati abusa ali ndi Mabaibulo ambiri. Ndi zoona, koma alibe lokhala ndi mayina a nkhosa zawo. Ife tinapempha womanga mabuku kuti asokerere mapepala oyera kumapeto, ndipo mlaga uliwonse unalembapo, ena m'Chisena, ena m'Chimang'anja, pamene agogo osatha kulemba anadinda chala pambali pa dzina lawo. Lembani ndi bolopeni, chifukwa inki yamadzi imamwazika pepala likanyowa, ndipo musankhe la chikuto cholimba, la zilembo zazikulu, lokhala ndi chikwama cha zipi. Madzi akasefukira usiku, munthu sakwera pampando kukachotsa felemu kukhoma, koma buku amaliponya m'jumbo ndi kuthawa nalo.

Pa kusankha pakati pa Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, ndi Buku Loyera la 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi, ine mtima wanga uli pa Lopatulika chifukwa ndilo tinaloweza mavesi ake tili ana. Buku Loyera ndi losavuta kumva, ndipo abusa achinyamata ambiri amalikonda polalikira. Tumani mkulu wa mpingo mmodzi akafunse mayi busa mwamseri kuti abusa amawerenga liti akakhala okha kunyumba, ndipo mugule limenelo kwa a Bible Society of Malawi kapena kusitolo ya mabuku ya mpingo, kumene mtengo umene mwauzidwa ndi womwewo umene mulipira.