Matailosi a pabalaza patatha miyezi 9: katoni yomwe ndinkaidandaula ija

Tinaika matailosi pabalaza mu Meyi, ndipo tsopano aona fumbi la Okutobala ndi matope a dzinja. Ndikhoza kunenapo zoona zake.

Chipindacho ndi mamita 5 mulitali, 4 mulifupi, kutanthauza masikweya mita 20. Ndinasankha a 60 kwa 60, omwe mu katoni mumakhala 4, okwana sikweya mita 1.44. Nditawerengetsa papepala ndinapeza makatoni 14, n'kuwonjezera 10 peresenti ya odula ndi osweka, akhala 16. Mmisiri atabwera ndi tepi yake anangopukusa mutu. "Achimwene, sikating'i mwaiwerengera? Nanga osunga?" Sikating'i ndi timatailosi tozungulira m'munsi mwa khoma. Anati ndigule 17. Zinandiwawa, pakuti ndalama ya katoni imeneyo ndinkafuna igule thumba lina la simenti yomatira.

Mmene anayendera ndi umu: pansi panalowa matailosi 57, chifukwa khoma lina linali lokhota pang'ono ndipo zidutswa zina sizinagwirenso ntchito. Sikating'i inadya 5, awiri anasweka pa girayinda. Makatoni 16 onse phwiti. Yotsala ija ndinaikankhira pansi pa bedi ndili wokhumudwa.

Mu Novembala tikusuntha firiji, tailosi ya pafupi ndi khomo la kukhitchini inang'aluka kuchokera pakona. Nditagogoda ndi chala ina yoyandikana nayo, inalira ngati ng'oma. Pansi pake panali mphako. Mnyamata wothandiza mmisiri anangoika simenti m'makona ndi pakati m'malo moyala ponseponse. Tinachotsa zonse ziwiri. Apa m'pamene katoni ya pansi pa bedi inandipulumutsa. Ndinadzera kusitolo komwe ndinagula kuti ndione ngati mtunduwo ulipobe. Dzina lomwelo, kukula komweko, koma nambala ya batch pa katoni, yosonyeza matailosi opangidwa ulendo umodzi kufakitale, inali ina, ndipo nditaika yanga pambali pake panja padzuwa, yatsopanoyo inali yotuwirapo. Pakati pa balaza ikanaoneka ngati chigamba pa malaya. Nambala imeneyi ijambuleni pafoni tsiku logula, ndipo onetsetsani kuti makatoni onse ndi a nambala imodzi musanakweze m'galimoto.

Matailosiwo paokha sindikuwadandaula. Sanakalike ngakhale ana amakoka mipando tsiku lililonse, ndipo kukolopa n'kosavuta. Akanyowa amaterera, moti agogo akabwera timayala mkeka pakhomo.

Chomwe ndinalakwitsa ndi grout yoyera, simenti yotsekera mizere ya pakati pa matailosi. Dothi lathu lofiirali lalowerera m'mizere, makamaka njira yochokera pakhomo kupita kukhitchini, ndipo mayi a kunyumba akwecha ndi burashi mpaka atopa. Ku bafa, komwe tikuyamba mwezi wamawa, tiika yotuwa. Khoma ndaliyeza kale, ndachotserapo muyeso wa chitseko ndi windo, ndipo katoni yosunga ndailemba pamndandanda mmisiri asananene.