Bwalo la tenisi la dothi: njerwa zosinja, shale, mwala wobiriwira kapena dothi la pachulu?

Aliyense amene anaonerapo mpikisano wa tenisi wa French Open pa kanema amasirira bwalo lofiira lija la ku Roland Garros mumzinda wa Paris, pomwe Rafael Nadal anatengerapo chikho maulendo 14. Timangolitchula kuti bwalo la dothi, koma kufiira komwe timaonako ndi ufa wa njerwa zosinja, ndipo ndi wochepa zedi, mamilimita awiri okha mwinanso osakwana. Pansi pake pali miyala yoyera ya laimu yoperapera, yotsindiridwa mpaka masentimita 6 kapena 7. Kenako pali zotsalira za malasha opsa m'ng'anjo, ndiyeno miyala yophwanya yokhuthala masentimita 30 kapena kuposerapo, pansi penipeni mapaipi otulutsa madzi. Anzanga amene mukulingalira zomanga bwalo pakalabu kapena pasukulu, yambani mwadziwa zimenezi, chifukwa ndalama zambiri zimapita ku zinthu zomwe wosewera sadzaziona n'komwe.

Pa kamangidwe ka Chifalansa kameneka, mwini nkhani ndi laimu uja. Ndiye amasunga chinyezi, ndiye amagwirana n'kukhala ngati mtsiro wolimba pomwe phazi limaponda, pamene ufa wofiirawo ntchito yake ndi kulola nsapato kutsetsereka ndi kuonetsa pomwe mpira wagwera. Bwalo lotere likasamalidwa bwino, palibe lina lolipambana kukoma. Mpira umanjanja mokwera komanso mosathamanga, mawondo sapweteka ngati pa simenti, ndipo mwana amene waphunzirirapo amazolowera kumenya mipira khumi, khumi ndi isanu, asanaganize zomaliza poyinti. Koma mvula yamphamvu ikagwa limatenga nthawi kuti liume, ndipo chaka ndi chaka laimu uja amafuna kumutipula, kumusalaza ndi kumutsindiranso. Imeneyi si ntchito yongopatsa waganyu aliyense.

Angerezi anali ndi vuto lina: mvula yosatha yomwe inkawaletsa kusewera pa kapinga. Mu 1909, ku Syston pafupi ndi Leicester, Claude Brown, yemwe ankayendetsa fakitale ya njerwa, anayamba kumanga mabwalo a njerwa zoswa, ndipo kampani yake inatchedwa En-Tout-Cas, mawu a Chifalansa osonyeza kuti bwaloli n'loseweredwa zivute zitani. Mabwalo a mtundu uwu ndiwo ku Britain amawatcha shale. Shale weniweni ndi mwala wamagawomagawo wochokera ku matope amene anauma kalekale, wopezeka kwambiri m'migodi ya malasha, ndipo ukapsa umafiira ngati njerwa. Kusiyana kwake ndi bwalo la ku Paris n'kwakuti pano palibe mtsiro wa laimu. Pali zoswa zokhazokha, zikuluzikulu pansi, zing'onozing'ono pamwamba, motero madzi amalowa pansi msanga. Mvula ikangokata, pakapita kanthawi anthu abwerera pabwalo.

Ubwino womwewo ndiwo tsoka lake. Bwalo lomwe limameza madzi msanga limaumanso msanga, ndipo likauma limaterera ngati mwathira mchenga pakhonde, mpira n'kumanjanja mokhota. Ku Melbourne m'dziko la Australia, komwe mabwalo a en-tout-cas ndi ochuluka, nthawi yotentha osewera amagwira okha paipi n'kuthirira akamaliza seti (chigawo cha masewero) iliyonse. Chilala chachikulu chitavuta kumeneko m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, boma n'kukhwimitsa malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka madzi, makalabu ambiri anachotsa mabwalo awo ofiira n'kuika a kapeti kapena olimba. Ku Britain nako ambiri anasanduka a phula ndi a udzu wapulasitiki, chifukwa malipiro a wosamalira bwalo anakwera. Mabwalowo sanali oipa. Anasowa madzi ndi munthu.

Ndikhalitse pa madzipa, pakuti ndi pomwe ambiri amapunthwa. Mizere ya bwalo imazinga mamita 23.77 m'litali ndi 10.97 m'lifupi, koma malo onse oyenera kuthirira, kuphatikizapo kumbuyo ndi m'mbali, ndi pafupifupi mamita 36.6 ndi 18.3. Kuti malo onsewa alandire madzi a milimita imodzi yokha, pafunika malita 670. Mukati muthire mamilimita atatu patsiku, ndi malita pafupifupi 2,000, madiramu khumi a malita 200. Tsono ganizirani kwathu kuno, komwe kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula yodalirika kulibe, mwera n'kumaulutsa fumbi mu Juni ndi Julayi, dzuwa la chilimwe n'kudzamalizitsa. Madzi a pampopi olipira mwezi ndi mwezi sangakwanitse zimenezi popanda kugwetsa kalabu. Pafunika chitsime chanuchanu, pampu ndi thanki. Ena amathira mchere wa calcium chloride womwe umakoka chinyezi, ndipo umathandizadi, koma umangochepetsa kuthirira.

Amereka ali ndi lawo lobiriwira, lomwe ambiri amalidziwa ndi dzina la kampani, Har-Tru. Silochokera ku njerwa. Ndi mwala wolimba wa metabasalt wokumbidwa m'mapiri a Blue Ridge ku Virginia, woperedwa n'kuyalidwa masentimita awiri ndi theka pamwamba pa miyala. Mpikisano wa US Open unaseweredwa pa mwala umenewu ku Forest Hills mumzinda wa New York kuyambira 1975 mpaka 1977, ndipo mpikisano wa amayi wa ku Charleston ukadaseweredwa pomwepo. Poyerekeza ndi lofiira, ndi lolimbirapo, mpira umathamangirapo pang'ono, ndipo limagwirana mosavuta chifukwa timiyala take n'tosongoka. Amalimanga mopendekeka pang'ono kwambiri kuti madzi a mvula azitsikira mbali imodzi, ndipo pali njira yolithirira kuchokera pansi, yomwe imapulumutsa madzi ambiri. Ndikanakhala ku Florida sindikanaganiza kawiri. Koma mwalawu uyenera kuwoloka nyanja, kutsika ku Beira kapena ku Nacala, n'kukwera lole, ndipo chaka chilichonse bwalo limafuna tani imodzi kapena awiri owonjezera m'malo mwa omwe apita ndi mphepo ndi mvula. Ndalama zakunja zogulira miyala chaka ndi chaka, kalabu yake iti?

Lilipo lachinayi, lomwe m'mabuku a zomangamanga silitchulidwa kawirikawiri: la dothi la pachulu. Rod Laver, yemwe anapambana mipikisano ikuluikulu yonse inayi m'chaka chimodzi kawiri, mu 1962 ndi mu 1969, anaphunzirira tenisi ku Queensland m'dziko la Australia pa bwalo lomwe a m'banja mwake anamanga ndi dothi la zulu za chiswe. Ife dothili timalidziwa bwino, timaumbira njerwa, ndipo tikudziwa mmene limagwirirana. Ndi lotsika mtengo kuposa onse, ndipo likanyowetsedwa n'kutsindiridwa ndi rola limasalala bwino. Koma ili ndiye dothi lenileni, ndipo khalidwe lake ndi la dothi. M'dzinja limasanduka matope omata kunsapato, wina akapondapo lisanaume chidindo cha phazi chimatsala mpaka mutachikonza, ndipo m'chilimwe limang'aluka mukaleka kulithirira. Kwa sukulu ya kumudzi yofuna kuti ana agwire raketi chaka chino, ndingavomereze ndi mtima wonse. Kwa kalabu yofuna kusewera mu Januwale, ayi.

Kaonekedwe ka pamwamba kasakusokonezeni. Ku Madrid mu 2012 anayesa bwalo la buluu kuti mpira uzioneka bwino pa kanema. Linatuluka loterera, Nadal ndi Novak Djokovic anadandaula poyera, ndipo chaka chotsatira linabwerera ku lofiira.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku siisiyana kwenikweni pa mabwalo onsewa. Mukatha kusewera mumakoka burashi yaikulu kapena neti yakale mozungulira, kuyambira kunja kulowa mkati, kuti ufa womwe wathawira m'mbali ubwerere. Mumasesa mizere, yomwe pa mabwalo ambiri ndi matepi okhomedwa ndi misomali, pamene ku Roland Garros amapenta. Madzulo mumathirira mokwanira kuti madzi alowe usiku wonse, chifukwa kuwaza pang'ono masana kumangonyowetsa pamwamba. Rola muziyendetsa bwalo lili lachinyezi, osati louma kapena lonyowa kwambiri. Kumbuyo kwa mzere womaliza, pomwe osewera amaima nthawi yaitali, kumakumbika msanga. Musangothira ufa m'dzenjemo. Kandani kaye pansi pake, nyowetsani, thirani pang'onopang'ono uku mukutsindira, apo ayi chigambacho chidzasendeka sabata yomweyo. M'makona a mthunzi mumamera ndere, ndipo nsapato zothamangira za zidendene zamanomano zimawononga bwalo kuposa mvula.

Ine, malo atakhala ndi chitsime chosaphwa komanso munthu wolembedwa ntchito yosamalira bwalo, ndingasankhe la njerwa zosinja la mtundu wa en-tout-cas. Limapirira mvula ya dzinja, ndipo zipangizo zake zili pafupi: miyala ya kukwale yoika pansi, ndi zidutswa za njerwa zomwe zimangotayidwa pomwe anthu akumanga kapena kugwetsa nyumba. Chenjerani ndi njerwa zake. Za m'mphepete mwa uvuni nthawi zambiri sizipsa bwino, ndipo mukazisinja n'kuzinyowetsa zimabwerera kukhala matope. Tengani zopsa zenizeni, zomwe zimalira ngati chitsulo mukazigundanitsa, musefe kuti za pamwamba zisapose mamilimita awiri kapena atatu. Musanayitanitse malole, yalani kachigawo ka mamita awiri mbali zonse ndi magawo ake onse, mukathirire, mukatsindire, mukaponde kwa milungu ingapo, ndipo mukasiye kakumane ndi mvula yoyamba ya Novembala kuti muone ngati madzi akulowa kapena akudikha.