Berseem ndi shaftal: musadikire maluwa kuti muzisiyanitse

Ku India ndi Pakistan, alimi a ng'ombe za mkaka amadalira msipu wa mitundu iwiri wofesedwa chaka ndi chaka nyengo yozizira. Wina ndi berseem, amene asayansi amati Trifolium alexandrinum, wina ndi shaftal, Trifolium resupinatum. Zonsezi ndi za m'gulu la nyemba, timasamba take timakhala titatutitatu, ndipo zikadali zazing'ono m'munda, diso la mlendo silingazisiyanitse.

Mabuku amathamangira ku maluwa. Zoona, a berseem ndi oyera mopita ku chikasu, a shaftal ndi apinki, onunkhira, ndipo kaduwa kalikonse kamakhala chozondoka. Koma msipu umamwetedwa usanachite maluwa, nanga mlimi adikire miyezi ingapo kuti adziwe chimene anafesa?

Thyolani tsamba. Timasamba ta berseem ndi tatitali, topapatiza, tokhala ndi ubweya pang'ono. Ta shaftal ndi tofupikirapo, tosalala, ndipo m'mphepete muli timano tooneka bwino. Pa tsinde musatayepo nthawi, zonse ziwiri zimatha kukhala ndi mphako mkati. Mbewu nayo imaulula: ya berseem ndi yachikasu, yokulirapo, pamene ya shaftal ndi tinjere ting'onoting'ono, n'chifukwa chake pa hekitala imalowa yochepa. Berseem ku India amafesa makilogalamu 20 mpaka 25 pa hekitala.

Kusiyanitsaku kuli ndi phindu kukhola. Berseem sakonda kutupitsa ng'ombe mimba. Shaftal wanthete, makamaka wonyowa ndi mame, amatupitsa, ndiye amafuna kusakaniza ndi udzu wouma kapena mapesi.

Kwa amene ali ndi madzi othirira ndipo chisanu si choopsa, ine ndingasankhe berseem. Ku India ndi Pakistan, wofesedwa mu Okutobala amamwetedwa kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi kufikira Epulo kapena Meyi. Chenjerani ndi mtundu wake pogula: Miskawi amaphukanso mukamweta, Fahl mumamweta kamodzi basi. Shaftal amapambana pa dothi lodikha madzi komanso kumalo ozizira kwambiri monga Afghanistan ndi Iran, kumene berseem amapsa ndi chisanu.

Mukaona maluwa ofiira psuu, ataliatali, pa chomera chaubweya thupi lonse, ameneyo ndi crimson clover, msipu wina wa m'gulu lomweli, wofala kum'mwera kwa United States, ndipo akamwetedwa atachita maluwa saphukanso bwino.