Odoo pa chigayo cha ufa ku Angónia: zimene imachita bwino ndi pomwe imavuta

Kwa mwini chigayo chopakira ufa m'matumba ku Ulongué, likulu la boma la Angónia ku Mozambique, Odoo Community ndi pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera bizinesi yoyenera kuiyesa. Ndi yaulere, ndipo ili ndi Chipwitikizi. Zigawo zofunika ndi Purchase (kugula), Inventory (kusunga katundu) ndi Manufacturing (kupanga katundu) basi.

Mphamvu yake yagona pa Bill of Materials, mndandanda wa zofunika popanga katundu. Mumalembamo kuti makilogalamu 100 a chimanga atulutsa ufa wochuluka bwanji, kenako muyatse By-Products kuti gaga naye awerengedwe. Mukaiwala pamenepa, gaga amene mumagulitsa kwa oweta nkhumba saoneka m'kaundula.

Ambiri amapunthwa pa muyeso. Alimi amabwera ndi ndowa, inu mumasunga m'matumba a makilogalamu 50. Muyeso waukulu ukhale kilogalamu, ndipo pimani chilichonse pa sikelo. Chimanga chogulidwa mu Epulo chisanaumitsitse chimapepuka m'nkhokwe, koma kompyuta sidziwa zimenezo. Imangosunga kulemera kwa tsiku logula. Choncho werengani katundu mwezi uliwonse, mukonze nambala, musanayambe kuganizira antchito zakuba. Lot number (nambala yozindikirira gulu la katundu) pa galimoto iliyonse imathandiza kudziwa kumene chimanga cha anankafumbwe chinachokera.

Odoo imalandira metical ndi kwacha limodzi, zabwino kwa ogulitsa cha ku Calómuè, pamalire ndi Malawi. IVA (msonkho wa pa malonda) ya 16% muione nokha ngati yaikidwa bwino.

Chovuta n'chakuti Barcode ndi akaunti yathunthu zili mu Enterprise, mtundu wa Odoo wolipira. Komanso pamafunika katswiri woikira pa seva yanu, yokhala ndi batire, poti magetsi akathima ntchito yaima.