Miyezi 14 ndi DOORS: pulogalamu siganiza m'malo mwanu

Chaka chatha ndinalemba kuti DOORS yatichotsa m'chisokonezo chosunga ma requirement (zofuna zolembedwa zomwe chida kapena pulogalamu iyenera kukwaniritsa) mu Excel. Ndinalemba ndili ndi chimwemwe cha mlendo. Tsopano patha miyezi 14 tikuigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku pakampani yathu ku Midrand, ku South Africa, komwe timapanga zida zoyendetsera zizindikiro za njanji, ndipo maganizo anga akhwimako.

Kwa amene simukuidziwa: DOORS ndi pulogalamu yosungira ndi kulondoloza ma requirement, ndipo ndi yakale ndithu. Inali ya Telelogic mpaka IBM itagula kampaniyo mu 2008. Requirement iliyonse imakhala ndi nambala yakeyake yosasintha, ngakhale muisunthire mutu wina. Zimenezi zokha zinathetsa mikangano yomwe inkabuka munthu akasanja mizere mu Excel mwatsopano n'kusokoneza manambala onse.

Pomwe tinaphonya ndi pa ma link, omwe amalumikiza requirement ndi inzake kapena ndi mayeso ake. Miyezi itatu yoyamba aliyense ankalumikiza momwe wafunira: wina kuchokera pa zofuna za kasitomala kutsika, wina kuchokera pa mayeso kukwera. Titafuna kutulutsa lipoti losonyeza kuti chofuna chilichonse chili ndi mayeso ake, monga muyezo wa EN 50128 umafunira pa mapulogalamu a njanji, lipotilo linatuluka la mabowo okhaokha. Pulogalamu sinalakwe, inachita zomwe tinaiuza. Tinakhala milungu itatu tikumasula ndi kulumikizanso, achimwene ena a ku Mzimba omwe timagwira nawo ntchito akungoti, "Ndinanena ine." Ananenadi. Lamulo lathu lero ndi limodzi: link imachoka pansi kupita pamwamba. Mayeso amaloza requirement ya pulogalamu, iyo imaloza ya sisitemu yonse, iyonso imaloza ya kasitomala. Ubwino wake ngwakuti link imasungidwa mu module (chikalata cha mu DOORS) yomwe yachokera, choncho woyesa sakhudza chikalata cha kasitomala n'komwe.

Ma attribute nawo, madanga olembamo zina zokhudza requirement iliyonse, tinachulutsa ngati ndiwo za paukwati. Aliyense ankafuna danga lake. Theka linkangokhala lopanda kanthu, ndipo tinadula n'kusiya ochepa omwe amadzazidwadi.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi ma suspect link. Kasitomala akasintha mawu amodzi, chilichonse cholumikizidwa pamenepo chimaonetsa chizindikiro chakuti chiunikidwenso. Koma chenjerani: pakapanda munthu wopatsidwa udindo woziunika, zizindikirozo zimaunjikana mpaka anthu amasiya kuziona, ngati phokoso la ma taxi pa Bree Street ku Johannesburg. Ife timazikhalira pansi Lachisanu lililonse m'mawa, ndipo tisanapange baseline iliyonse (kope la chikalata losasinthikanso) timaonetsetsa kuti palibe yotsala.

DXL, chilankhulo cha DOORS cholembera timapulogalamu, chimafanana ndi C. Ndi champhamvu, komatu tili ndi munthu mmodzi yekha wochidziwa bwino. Akapita kumudzi pa Khirisimasi tonse timagwira njakata.

Kutumizirana ma requirement ndi kampani ina yomwe imagwiritsa ntchito Polarion, pulogalamu ina ya mtundu womwewu ya Siemens, kwayenda kudzera mu ReqIF, mtundu wa fayilo wotumizirana ma requirement, bola mugwirizane mayina a ma attribute musanatumize fayilo yoyamba.

Kodi DOORS ndingaisankhenso? Pa ntchito ya njanji, pomwe woyendera chitetezo amafuna umboni wa mzere uliwonse, eya. Kwa gulu la anthu asanu lomwe likupanga kapulogalamu ka pafoni, ayi, n'kupha ntchentche ndi nkhwangwa. Mwezi wamawa tikuyamba kukambirana zosamukira ku DOORS Next, pulogalamu yatsopanoko ya IBM yogwira ntchito yomweyi, ndipo ndaumirira kuti chithunzi cha ma module ndi ma link tijambule papepala kaye tisanatsegule kompyuta.