Ndemanga ya tchaja yopanda chingwe ya Samsung EP-P2400: 15W yolembedwa pabokosi si ya foni iliyonse

Tchaja iyi ndi kambale kafulati kokwana m'dzanja. Kumbuyo kuli polowetsa chingwe cha USB-C, kutsogolo kuli kanyali, ndipo m'kati muli kafani koziziritsa. Pabokosi analembapo 15W. Kwa munthu amene ali ndi Galaxy S20, S21, S22, S23 kapena S24, komanso mutu wa tchaja wa 25W, ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5 ndipo ndikuti gulani. Koma ngati foni yanu ndi ya mtundu wina, ikani kaye ndalama m'thumba, chifukwa 15W ija imatuluka pokhapokha zinthu zitatu zitamvana: foni, kambaleka ndi mutu umene mwalumikiza kusoketi. Chimodzi chikangoperewera, liwiro limatsika kufika pa 7.5W, pa 5W, mwinanso foni osalandira moto n'komwe.

Choyamba n'chakuti foni yanu iyenera kukhala ndi chake cholandirira moto m'kati. M'kambaleka muli waya wamkuwa wokulungidwa ngati nkhata, ndipo m'foni, pansi pa galasi lakumbuyo, muyenera kukhala nkhata ina yotero. Magetsi akamayenda mu nkhata ya tchaja amapanga mphamvu ya maginito, nkhata ya foni n'kuisandutsanso magetsi olowa m'batire. Njira imeneyi imatchedwa Qi, ndipo malamulo ake amaikidwa ndi bungwe la Wireless Power Consortium lomwe linayamba mu 2008. Foni yopanda nkhata, ngakhale muigoneke pakambale tsiku lonse, palibe chichitike. Palibenso pulogalamu imene mungaike m'foni kuti nkhatayo ipezeke.

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Dzina loti Samsung silikutanthauza kuti foni ili ndi Qi. Ma Galaxy A amene ali m'manja mwa anthu ochuluka, monga A15, A25, A35, A54 ndi A55, alibe. Ambiri mwa ma itel, ma Tecno Spark ndi Pop, ndi ma Redmi Note nawonso alibe. Ku Infinix alipo ochepa amene ali nayo, monga Note 30 Pro ndi ena a m'gulu la Note 40. Ku Samsung imapezeka mu gulu la S kuyambira S6 ya mu 2015, ma Note kuyambira Note 5 (kupatula S10 Lite ndi Note 10 Lite), ma Z Fold ndi Z Flip, ndi ma FE monga S21 FE ndi S23 FE. Ku Apple inayamba ndi iPhone 8 ndi iPhone X mu 2017. Wogulitsa akakuuzani kuti "imatchaja foni iliyonse", mupempheni kuti mugoneke foni yanu pomwepo musanalipire.

Tibwere ku mutu wa tchaja, chifukwa madandaulo ambiri oti kambaleka n'kochedwa amachokera pamenepa. EP-P2400 imagulitsidwa mitundu iwiri, ina ili ndi mutu m'bokosi, ina ilibe, ndipo yotsika mtengo kawirikawiri ndi yopanda mutuyo. Samsung inasiya kuika mutu m'bokosi la foni kuyambira pa S21 mu 2021, choncho ambiri amangotola mutu wakale umene uli m'nyumba. Tembenuzani mutuwo muwerenge timalemba tating'ono tija. Mukachulukitsa ma V ndi ma A mupeza ma W. Mutu wolembedwa 5V 2A umatulutsa 10W basi, ndipo pa 10W imeneyo gawo lina limatayika panjira lisanafike m'batire. Kambaleka kamafuna 9V 2.77A, imene ndi 25W, kudzera pa USB-C mbali zonse ziwiri za chingwe. Mutu wa Samsung wa 25W wotchedwa EP-TA800 ndiwo woyenera. Mutu wakale wa 15W wa bowo lalikulu la USB-A umatchaja ndithu, koma sufikitsa kambaleka pa 15W. Mitu yachinyengo yolembedwa 25W ilipo yambiri m'misika. Yeniyeni mukailumikiza mwachindunji ku Galaxy S20 kapena S ina yotuluka pambuyo pake, foni imalemba kuti "Super fast charging". Ikapanda kulemba mawu amenewo pachingwe, musayembekezere zabwino pakambale.

Zonse zikakhala bwino, foni ya Samsung imalemba "Fast wireless charging" mukangoigoneka, kafani n'kuyamba kuzungulira. Mawu oti "Fast" akasowa, lowani mu Settings, kenako Battery, kenako Charging settings, muone ngati Fast wireless charging ili yoyatsa. Pa mafoni a One UI yakale, pulogalamu yoyendetsa mafoni a Samsung, zimenezi zili mu Battery and device care, Battery, More battery settings. Kabatani kameneka kakakhala kozimitsa, foni imakoka moto pang'onopang'ono ngakhale zina zonse zili zoyenera.

Nanga liwiro lenileni? Galaxy S23 ili ndi batire la 3,900 mAh. Pachingwe ndi mutu wa 25W imadzaza mu ola limodzi ndi mphindi zochepa. Pakambale aka muyembekezere pafupifupi maola 2, ndipo ma S Ultra a batire la 5,000 mAh amapitirira pamenepo. Munthu asaganize kuti 15W imayenda kuyambira 0 mpaka 100. Foni imakoka kwambiri batire likakhala pansi, ikatentha imadzichepetsera yokha, ndipo ikadutsa 80 peresenti imayenda mwapang'onopang'ono dala pofuna kuteteza batire. Ma Galaxy akale monga S8 ndi S9 sapitirira 10W, kaya tchaja ndi yamphamvu bwanji.

Kafani kaja ndiko kandichititsa kuikonda tchajayi kuposa timbale totchipa topanda dzina. Mdani wamkulu wa kutchaja kopanda chingwe ndi kutentha. Timbale topanda fani timayamba bwino mphindi 10 kapena 15 zoyambirira, kenako foni n'kutentha, n'kutsitsa mphamvu imene ikulandira, n'kumangokwawa. Kafani kamachotsa kutentha kwa nkhata ya tchaja, choncho foni imakhalitsa pa liwiro lapamwamba. Phokoso lake ndi laling'ono, masana simungalimve, koma usiku m'chipinda muli zii limamveka. Mukazimitsa Fast wireless charging kafani kamasiya, ndipo usiku ndi mmene ziyenera kukhalira, popeza foni ili ndi maola 7 kapena 8 oti idzaze ndipo batire limakhala lozizira. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka m'nyumba za malata zopanda siling'i kapena kumadera ngati Chikwawa, Nsanje ndi Salima, ngakhale kafani kamalephera masana. Mafoni ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito bwino pa kutentha kosapitirira madigiri 35. Ikani kambaleka pathebulo lathabwa pamthunzi, osati pabedi, pa sofa kapena pawindo, chifukwa nsalu imatseka timabowo topumira ta pansi.

Eni iPhone amve bwino apa. Kambale aka kamatchaja iPhone iliyonse kuyambira 8 kupita m'tsogolo, koma pa 7.5W basi. Si vuto la tchaja, ndi malire amene Apple inaika pa matchaja a Qi wamba. iPhone 13 imatenga maola 3 kapena kuposerapo kuti idzaze. Kuti iPhone ilandire 15W imafuna MagSafe, tchaja ya Apple yomata kumsana kwa foni ndi maginito, imene inabwera ndi iPhone 12 mu 2020, kapena tchaja ya Qi2, njira yatsopano imene inalengezedwa mu 2023 ndipo inatengera maginito a MagSafe. iPhone 13 ndi 14 zinayamba kulandira Qi2 pa iOS 17.2, iPhone 12 pa iOS 17.4. Ma mini, 12 mini ndi 13 mini, amalekezera pa 12W pa MagSafe. iPhone 16 imafika 25W pa MagSafe yatsopano ya mu 2024 ndi mutu wa 30W, koma 16e ndi ma SE a mu 2020 ndi 2022 alibe maginito ndipo amakhala pa 7.5W. EP-P2400 ilibe maginito ndipo si Qi2. Ngati m'nyumba mwanu muli ma iPhone a maginito okhaokha, ndalama yomweyo igulireni tchaja ya Qi2, mupeza liwiro lowirikiza kawiri.

Chimodzimodzi mafoni a Xiaomi, Huawei ndi OnePlus amene amalengezedwa kuti amatchaja pa 50W popanda chingwe. Liwiro limenelo limatheka pa tchaja ya kampani yomweyo yokha. Pa kambale ka kampani ina amabwerera ku Qi wamba, ndipo Qi wamba ali ndi magawo awiri, la 5W ndi lofika 15W. 15W ya Samsung nayonso ndi chinenero chake cha Samsung, chotchedwa Fast Wireless Charging 2.0, n'chifukwa chake Galaxy S pa kambale ka kampani ina kolembedwa 15W kawirikawiri imalekezera pa 10W.

Popeza maginito palibe, kuika foni pakati ndi ntchito yanu. Nkhata ziwirizi ziyenera kuyang'anizana. Foni ikapatuka ndi sentimita imodzi yokha, moto umalowa pang'ono pamene kutentha kukuchuluka, ndipo ikapatuka kwambiri imasiyiratu. Izi ndi zimene zandichotsetsa nyenyezi imodzi: foni imene ili pa vibrate ikalandira mauthenga ambiri usiku ikhoza kusuntha, m'mawa n'kuipeza ili pa 40 peresenti. Kanyali kamathandiza. Kofiira kosaphethira ndiye kuti ikutchaja, kobiriwira yadzaza, kofiira kophethira pali vuto. Mukaona kakuphethira, nyamulani foni, yang'anani pakambale ndi m'kava, muigonekenso pakati. Pa mafoni a kamera yotumphuka kwambiri, onetsetsani kuti kamerayo ili kunja kwa kambale kuti msana wa foni ugone fulati.

Za kava ndi zimene timabisamo. Kava ya labala kapena pulasitiki yosapitirira mamilimita 3 ilibe vuto. Makava ochindikala a anthu ogwira ntchito zamanja, makava achikwama okhala ndi matumba kumbuyo, ndi aja okhala ndi mphete yachitsulo yogwirira, amachedwetsa kapena kuletseratu. Kachitsulo kafulati kamene madalaivala amamata kumbuyo kwa foni kuti igwire pa maginito a m'galimoto ndiko koopsa kwenikweni, chifukwa chitsulo chikakhala pakati pa nkhata ziwiri chimatentha ngati chili pambaula. Tchaja yabwino ngati iyi imazindikira chitsulo n'kudula moto, ndiye kanyali kofiira kophethira kaja. Timbale totchipa tina sitizindikira, timangopitiriza kuwotcha. Ndipo ambiri timasunga khadi la kubanki, chitupa cha unzika, kobiri kapena kapini kotulutsira SIM kuseri kwa kava. Chotsani zonsezo musanagoneke foni. Makadi okhala ndi kachipi kapena kamzere kakuda ka maginito akhoza kuwonongeka.

Pali vuto lina limene limakhudza mafoni ogwiritsidwa kale ntchito ochokera kunja, ndi aja amene anapitapo kwa amisiri. Nkhata ya foni ndi kapepala kakuda kopyapyala kamene kamalumikizidwa ndi kachingwe kakang'ono. Mmisiri akamasintha batire kapena galasi lakumbuyo akhoza kukang'amba, kuiwala kukalumikiza, kapena kukasiya kunja. Pa iPhone 14 ndi 15 nkhatayo imamatidwa pa galasi lakumbuyo lenilenilo, choncho galasi likasinthidwa ndi lotchipa popanda kusamutsa nkhata, Qi imathera pomwepo. Foni imatchaja bwinobwino pachingwe, mwini wake osadziwa kanthu mpaka tsiku logula kambale. Ngati Galaxy S kapena iPhone yanu sikuyankha n'komwe, yesani foni ina pa tchaja yomweyo musanaibweze kusitolo. Ndipo pogula foni yakale, kuigoneka pakambale kwa masekondi 10 ndi njira yachangu yodziwira ngati inatsegulidwapo mosasamala.

Pa kagwiritsidwe ntchito ka magetsi, kutchaja kopanda chingwe kumawononga. Kuti batire lomwelo lidzaze, kambale kamadya magetsi ochuluka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu mpaka theka kuposa chingwe, ndipo otsalawo amasanduka kutentha. Pa mayunitsi a m'nyumba kusiyanako simungakuone, foni imadya zochepa kwambiri. Koma magetsi akazima ndipo mukudalira power bank ya 10,000 mAh kapena kasola kakang'ono, musayerekeze kudutsira pakambale. Lumikizani chingwe mwachindunji. Chimodzimodzi pamene magetsi abwera kwa kanthawi ndipo simukudziwa kuti azimanso liti: mphindi 30 pachingwe cha 25W zimakweza Galaxy S kufika cha pa theka, pamene pakambale mumapeza zochepera pamenepo.

Pamene tchajayi imaonetsa phindu lake lenileni ndi pa bowo la USB-C la foni. Bowo limeneli limatha ndi kulowetsa ndi kutulutsa chingwe tsiku ndi tsiku, limadzaza fumbi ndi ulusi wa m'thumba, ndipo nthawi ya mvula Galaxy imakana kutchaja pachingwe ikazindikira chinyezi m'bowomo. Zikatero kambale kamagwirabe ntchito, chifukwa sikadutsira pabowo. Foni imene bowo lake linafooka kale ikhoza kutumikira chaka china chathunthu popanda kuitsegula. Kamatchajanso timahedifoni topanda chingwe, ma Galaxy Buds okhala ndi kabokosi ka Qi ndi ma AirPods a kabokosi kotero, bola muike kabokosiko pakati penipeni. Wotchi ya Galaxy Watch siitchaja. Ofuna foni ndi wotchi pamodzi ayang'ane mnzake wa malo awiri, EP-P5400, amene nayenso amafuna mutu wa 25W womwewo.