Lendi ya ku Bangwe kapena minibasi ya ku Bvumbwe?

Anzanga a kuntchito pa Limbe sasiya kundifunsa kuti, "Achimwene, ku Bvumbwe kuja mukupezako bwanji? Nafenso tibwere?" Ndinakhala pa lendi ku Bangwe zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa 2024 ndili ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, koma ntchito ikadali yomweyo ya pa Limbe. Mlamu wanga ndi mphunzitsi pa Thyolo Boma, choncho za kumenekonso ndimazidziwa. Ndifotokoze mmene ndaonera malo atatuwa, aliyense adziwerengere yekha.

Chimene chinandichotsa ku Bangwe ndi lendi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eni nyumba sanadikire n'komwe kuti mwezi uthe. Anafika Lamlungu m'mawa tikukonzekera za kutchalitchi, n'kukhala pakhonde, n'kuyamba kufotokoza za mtengo wa simenti, ngakhale kuti nyumbayo inali isanaone simenti yatsopano chiilowere ife. Inali ya zipinda ziwiri, mumdadada wa mabanja anayi, chimbudzi chimodzi ndi mpopi umodzi panja. Ku Bvumbwe, ndalama yocheperapo inandipezera nyumba yoima payokha, ya zipinda zitatu, kuseri kuli malo olimapo mpiru ndi khola la nkhuku. Pa lendi pokhapo, Bvumbwe yapambana ndipo palibe chokambirana.

Koma musathamangire kumanga katundu. Tengani cholembera. Mtengo wa minibasi wochokera pa Bvumbwe kufika pa Limbe muuchulukitse kawiri, kupita ndi kubwera, kenako muuchulukitse ndi masiku 22 ogwira ntchito pamwezi. Ngati mayi a kunyumba nawonso amagwira ntchito m'tauni, muwirikizenso. Ngati mwana akuphunzira ku Blantyre ndipo simukufuna kumusintha sukulu, muwonjezere. Chimene mwapezacho muchiphatikize ku lendi ya ku Bvumbwe, ndiye muyerekeze ndi ya ku Bangwe. Kwa ine, amene ndimayenda ndekha, patsalabe kangachepe. Kwa mnzanga wina amene amayenda atatu m'banja, ndalama yonse imene anapulumutsa kwa eni nyumba amaipereka kwa kondakitala, ndipo anabwerera ku Namiyango chaka chisanathe.

Ku Bangwe zinthu zikavuta ndinkatha kuyenda wapansi mpaka pa Limbe. Ku Bvumbwe miyendo siingakuthandize. Mtunda wake sukwana makilomita 20, koma mafuta atasowa kumapeto kwa 2024 ndinaona mtunda womwewo ukutalika. Madzulo pa siteji anthu mbwee, minibasi imodzi ikafika aliyense ndi chigongono, mtengo kondakitala akuutchula poyang'ana kukula kwa gulu. Tsiku lina ndinafika pakhomo ana atagona kale, nsima itazizira m'mbale. Ngakhale mafuta alipo, minibasi siinyamuka isanadzaze. Woitanira amakuwa kuti "Limbe awiri otsala!" pomwe mkatimo muli anthu anayi, ndipo awiri mwa iwo ndi anzake ongokhalamo kuti ioneke yodzaza. Ukadutsa pa Chigumula, mzere wa magalimoto olowa m'tauni umakudyeranso mphindi zako. Ndimadzuka 5 koloko isanakwane, ndipo mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikagwa, umaima pamsewu nkhungu itaphimba ngakhale nyali za galimoto, jekete itanyowa usanakwere n'komwe.

Pa nkhani ya ndiwo, a m'tauni musayese n'komwe kupikisana nafe. Matimati, kabichi, mpiru, karoti ndi mapeyala ambiri amene mumagula mumsika wa Limbe amachokera kuno. Ndimakwera nawo minibasi imodzi m'mawa, nthawi zina dengu lili pamiyendo panga chifukwa amayi eni ake anyamula mwana. Akafika m'tauni mulu umachepa, mtengo umakwera. Kuno mayi a ana amagula kudimba konko, kapena amangothyola kuseri kwa nyumba. Chokhacho chimene chinatiipira ndi nthochi. Thyolo inkadziwika ndi nthochi dziko lonse, koma matenda a chisaka anawononga minda yambiri, moti kwa zaka zingapo zina zimene tinkadya zinali zochokera kunja. Zayamba kubwerera, koma pang'onopang'ono.

Madzi ndi nkhani ina. Ambiri amene Blantyre imamwa amapopedwa kuchokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, n'kukwezedwa mtunda wautali ndi mphamvu ya magetsi, n'chifukwa chake malo okwera ngati Bangwe ndi amene amayamba kumva kuwawa zinthu zikangosokonekera. Ndikukumbuka tikudzuka 2 koloko usiku mpopi ukayamba kutsokomola, mabanja onse anayi ndi zidebe pamzere. Mu 2019 anamaliza ntchito yotenga madzi mumtsinje wa Likhubula ku Mulanje kupita nawo ku Blantyre kudzera ku Nguludi, ndipo mbali ya Limbe inapumako. Anthu ena a ku Mulanje anadandaula kuti madzi a m'phiri mwawo akukamwetsa a m'tauni pomwe midzi ya m'tsinde mwa phirilo ikadatungabe kumtsinje, ndipo ine sindinawaone olakwa. Kumene ndikukhala pano tili ndi chitsime pakhomo ndi mjigo pafupi. Bilu palibe, koma mu Okutobala chitsime chimatsika, ndipo madzi akumwa timathira mankhwala.

Tsopano pa malo, pamene ambiri mumalakalaka. Aliyense amene amandifunsa za Bvumbwe, mumtima mwake amafuna poloti. Dziwani kuti Thyolo si boma la malo otayirira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma lino, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'minda ya tiyi ndi makadamiya, ina mwa iyo, monga Satemwa, inayamba kale m'zaka za m'ma 1920. Malo otsalawo ndi a mabanja, ndipo kuno ambiri amatsata kuchikazi. Munda ndi wa mbumba. Mwamuna amene akukuonetsa malire atavala jekete angakhale mkamwini chabe, kapena malume amene sanauze alongo ake. Mumalipira, mumaumba njerwa, tsiku lothira maziko n'kungoona amayi atatu afika ndi mfumu. Zinamuchitikira mnzanga, ndipo njerwa zake zinameramo udzu mlandu usanathe. Ngati mukugula, khalani pansi ndi eni mbumba onse, a mfumu akhalepo, zilembedwe, ndipo mufunse za kulembetsa malowo monga likunenera lamulo la malo a makolo la 2016. Musapereke ndalama pa siteji ya basi.

Koma musaganize kuti m'tauni poloti ndi yosavuta. Yotsika mtengo imapezeka m'mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje, ndipo tonse tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Mulanje ndi Phalombe nakonso analira. Kulikonse kumene mungasankhe, kaoneni malowo nthawi ya mvula, osati mu Seputembala.

Za chipatala ndingonena mwachidule. Uli ku Bangwe, chipatala chachikulu cha Queens chili pafupi. Uli ku Bvumbwe, matenda ang'onoang'ono amathera pa chipatala chaching'ono, koma mwana akatentha thupi pakati pa usiku umafunika nambala ya munthu wa galimoto amene amayankha foni. Ine ndili nazo ziwiri.

Nanga pa Boma? Thyolo Boma ili pafupifupi makilomita 40 kuchokera ku Blantyre, ndipo amene angayese kuyenda mtunda umenewo tsiku ndi tsiku adzagwirira ntchito eni minibasi. Koma muone mlamu wanga. Malipiro ake ndi ofanana ndi a mphunzitsi mnzake wa ku Ndirande, lendi yake ndi yochepa, kuntchito amapita wapansi, chipatala cha boma chili pomwepo, ndipo cha Malamulo ku Makwasa sichili kutali. Ku Limbe amapitako kamodzi pamwezi, kukagula zimene pa Boma palibe. Mwa atatufe, iye ndi amene amagona tulo tokwanira. Chimene amadandaula ndi chakuti pa Boma ukatuluka ndi nsapato yatsopano, pofika madzulo aliyense wadziwa, ndipo achibale a kumudzi amafika osaimba foni chifukwa ndi pafupi. Kwa amene ali ndi bizinesi osati ntchito yolembedwa, ndingati ayang'anenso Luchenza, kapena Goliati, kumene chitsegulireni yunivesite ya MUST pa Ndata mu 2014 anthu akumanga zipinda za lendi ndi timagolosale.

Ndiye funso loyamba musafunse kuti nyumba yotchipa ili kuti. Funsani kuti pa sabata mumafunika kupezeka m'tauni kangati. Ngati ndi masiku onse, ndipo muli awiri kapena atatu, khalani ku Bangwe, ku Namiyango kapena ku Chigumula, mupirire eni nyumba. Ngati ndinu nokha ndipo banja lingapeze chochita kuno, Bvumbwe ikukwanirani. Ngati ntchito yanu ingasamuke nanu, pitirirani mpaka pa Boma.

Pali china chimene chimandiwawa ndikamadikira minibasi madzulo. Limbe ndi tauni yakale, inaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956, ndipo ili ndi misewu, mapaipi ndi magetsi zimene ife a kunja timazilakalaka. Koma ikangokwana 6 koloko, zitseko zachitsulo zimatsika, mavenda amalongedza, n'kutsala alonda ndi mbaula zawo. Mukayang'ana m'mwamba mwa mashopu ambiri, mawindo ndi akuda, zipinda zina asandutsa mosungira katundu, zina zangokhala. Nthawi ya Kamuzu, m'zaka za m'ma 1980, nyumba zakutha ankazijambula nyenyezi yofiira kuti eni ake azikonze kapena zigwetsedwe, ndipo khonsolo ya mzinda yakhala ikuidzutsanso nkhaniyi. Pena pamera nyumba zosanja zatsopano, inde, koma pafupifupi zonse ndi mashopu ndi maofesi. Tauni imene simugona anthu ine sindiiona kuti yadzuka, ngakhale ataipaka penti yotani. Anthu zikwizikwi timalowa m'mawa ndi kutuluka madzulo, kuwotcha mafuta amene dziko likuvutika kugula, pomwe pamwamba pa shopu imene ndimagwiramo pali zipinda zinayi zosungiramo makatoni.

Ndinawafunsapo abwana, mwanthabwala, kuti bwanji osandipatsa chimodzi pa lendi. Anaseka, n'kunena kuti makatoni sadandaula madzi akasiya. Atavomera, ndikanabwerera m'tauni mawa lomwe. Mayi a ana ndiwo anakaniratu: akuti nkhuku zawo zafika 14, ndipo sangakwere nazo masitepe.